Mukufuna kumiza Chigwa cha Shire m'nkhani yanu? Yambani mwayeza madzi

Nkhani zopeka za sayansi zonena za dziko lomira zimakonda kuchitikira m'mizinda ya kutali, kumene nyumba zosanja zimangotsala madenga pamwamba pa mafunde. Ife a ku Nsanje ndi Chikwawa timaziwerenga ngati za eni, chonsecho madzi amene anzathuwo amangowalota ife timawadziwa ndi fungo lomwe. Amene anagonapo pa chulu kapena m'kalasi mu Januwale 2015 sasowa womuuza mmene madzi amalirira usiku.

Koma kudziwa madzi n'kwina, kuwalemba n'kwinanso. Chimene chimagwetsa ambiri ongoyamba n'kuthira madzi mopanda muyeso: patsamba loyamba nyanja ya mchere ili pa Marka, patsamba lachitatu yamiza kale Limbe. Wowerenga amene anakwerapo minibasi kuchoka pa Thabwa kupita ku Blantyre, makutu n'kumatseka m'makhotakhota muja, angoseka n'kusiya kuwerenga. Tsatirani ndondomeko iyi, ndipo musathamangire kutcha mayina anthu a m'nkhani yanu musanathane ndi madzi.

1. Sankhani madzi amene amize dziko lanu

Madzi angalowe m'chigwa chino kuchokera mbali zitatu, ndipo aliwonse ali ndi khalidwe lake.

Oyamba ndi a mvula ya namondwe. Awa ndi aukali: amabwera usiku umodzi, amanyamula mitengo, ng'ombe ndi mchenga, n'kuphwa pakatha masabata. Amatsika ndi Mwanza, Mkombedzi, Thangadzi, Lalanje, koma wamkulu wa onse ndi Ruo wochokera ku phiri la Mulanje. Ruo akadzaza amafika pa Chiromo ndi mphamvu yoti Shire amasowa podutsa, madzi ake n'kubwerera m'mbuyo kukadzaza dambo la Elephant Marsh. N'chifukwa chake mudzi umatha kumira kumwamba kuli ngwee, mvula itagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo. Mu 2015 Ruo anasiya njira yake yakale n'kudzitsegulira ina, a ku Makhanga n'kutsala pachilumba. Namondwe wa Ana, mu Januwale 2022, anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 a magetsi. Freddy wa mu Malichi 2023 anakhala moyo masiku 36, ndipo chiyambire kulemba za anamondwe sikunaoneke wina wokhalitsa chotere.

Achiwiri ndi a nyanja ya Malawi. Awa ndi odekha koma sachoka msanga. Nyanjayi ili pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja ya mchere, ndipo khomo lake lotulukira ndi limodzi lokha, Shire. Kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka ku Mangochi. Madambo a kuno anauma, anthu n'kumalima mmene lero mukusambira mvuu. Madzi atabwerera kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, minda yambiri ya m'dambo inamira, osati kwa mwezi koma kwa zaka. Ndiye kuti dziko lino linasinthapo kale maonekedwe makolo athu akuona, ndipo wolemba amene angafunse okalamba za nthawi imeneyo apeza zambiri kuposa zimene angapeze pa intaneti. Chenjezo limodzi: musalembe kuti zitseko za pa Kamuzu Barrage ku Liwonde zikathyoka nyanja yonse ikhuthukira ku Nsanje. Kumpoto nyanjayi n'njakuya mamita pafupifupi 700, koma pakhomo pake m'posaya. Otuluka angakhale madzi a pamwamba okha.

Achitatu ndi a nyanja ya mchere ya Indian Ocean. Awa ndiwo amakoka olemba ambiri, ndipo ndiwonso amafuna masamu.

Sankhani amodzi akhale mwini nkhani. Enawo azingothandizira.

2. Chitani masamu, kenako sankhani chaka

Malo otsika kwambiri m'Malawi muno ali kuno kwathu, pamene Shire amatulukira m'dziko kulowa mu Mozambique: mamita 37 pamwamba pa nyanja ya mchere. Lembani nambala imeneyi pamwamba pa kope lanu. Nyanja iyenera kukwera mamita 37 kuti ingonyambita malire athu.

Tsono onani mmene ikukwerera. Kuyambira 1901 mpaka 2018 inakwera masentimita pafupifupi 20. Akatswiri a IPCC, bungwe la United Nations lofufuza za kusintha kwa nyengo, amati pofika 2100 ingakwere pakati pa masentimita 30 ndi mita imodzi, malingana ndi utsi umene mayiko apitirize kutulutsa. Zoikweza ndi ziwiri: madzi akatentha amafufuma, komanso madzi oundana amene ali pamtunda akasungunuka amatsetserekera m'nyanja. Oundana amene akuyandama kale panyanja sakweza kanthu kwenikweni akasungunuka, choncho musawapatse mlandu. A ku Greenland atasungunuka onse, nyanja ingakwere mamita 7. A ku Antarctica, mamita pafupifupi 58. Zonse pamodzi ndi mamita 65 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo zimenezi zingatenge zaka zikwi. Blantyre ali pa mamita oposa 1,000. Musiyeni, sadzamira.

Masamu amenewa akukupatsani njira zitatu.

Mutha kuika nkhani pafupi, mwina mu 2070 kapena 2100. Apa nyanja sinafike kuno, koma mavuto ake afika. Kumene Zambezi amathirira m'nyanja, ku Chinde, komanso ku Beira ndi Quelimane, n'kotsika kwambiri, ndipo anthu othawa kumeneko angakwere ndi mtsinje monga anachitira othawa nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, pamene Nsanje inadzaza ndi misasa ngati wa Mankhokwe. Onjezanipo anamondwe onyamula mvula yochuluka chifukwa nyanja yatentha. Kwa ine iyi ndiyo njira yokoma koposa, chifukwa mwana amene lero ali sitandade 1 angathe kukhala agogo a m'nkhani yanu.

Mutha kulumpha zaka 2,000 kapena 3,000, nyanja italowa kale m'chigwa. Mukatero muli ndi ufulu, koma muli ndi ntchito yomanga chilichonse: chilankhulo, ufumu, ndalama, chipembedzo.

Kapena mutha kunama bodza limodzi lofulumizitsa zinthu, monga kuphulika kwa mapiri a moto pansi pa madzi oundana a ku Antarctica. Nkhani ya sayansi imalola bodza limodzi lalikulu, bola mulinene poyera kumayambiriro ndipo zotsatira zake zonse zikhale zoona. Mukawonjezera lachiwiri pakati pa nkhani pofuna kupulumutsa munthu amene mwamukonda, wowerenga azindikira.

3. Jambulani mapu

Tsegulani Google Earth pa kompyuta. Mukaloza malo aliwonse imakuonetsani kutalika kwake kuchokera pa nyanja ya mchere. Lembani manambala a Marka, Nsanje boma, Tengani, Bangula, Chiromo, Makhanga, Ngabu, Nchalo ndi Chikwawa boma, kuphatikizapo mudzi wa kwanu. Kenako tengani pepala, jambulani Shire, n'kupaka utoto paliponse pamene pali pansi pa muyeso umene mwasankha.

Mukasankha mamita 65, muona chinthu chochititsa chidwi: nyanja siphimba chigwa chonse, imalowa ngati lilime lalitali, kumiza dambo la Ndindi, kudutsa Chiromo n'kudzaza Elephant Marsh. Mapiri a Thyolo asanduka gombe la kum'mawa. Kumadzulo kwatsala mtunda wa Chididi, Lulwe, Matandwe ndi Mwabvi. Msewu wa M1 waduka malo angapo. Pa mapu omwewo chongani zitunda zimene zatsala ngati zilumba, pamene pangakhale madoko, ndi pamene madzi abwino akumana ndi a mchere. Mapu amenewa muwapachike pakhoma, ndipo munthu wa m'nkhani yanu akafuna kuyenda, muziyamba mwayeza ulendo wake.

Pali mphatso ina imene mbiri yatipatsa. Nsanje kale inkatchedwa Port Herald, ndipo sitima za pamadzi zinkafika kuchokera ku Chinde. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje World Inland Port, koma sitima sizinabwere. M'nkhani yanu, kodi zidzabwera liti, ndipo zikadzabwera dokolo lidzakhala lili pamwamba kapena pansi pa madzi?

4. Mchere ufike madzi asanafike

Apa m'pamene nkhani yanu idzasiyane ndi za ena, choncho khalanipo nthawi. Nyanja sibwera ngati khoma la madzi. Imayamba yalowa pansi pa nthaka. Ife tikudziwa kale mijigo ya ku Chikwawa imene madzi ake ndi a mchere moti sopo sachita thovu ndipo tiyi samweka. Yambani pamenepo. Mjigo umodzi wa m'mudzi wawawa, kenako wachiwiri. Amayi ayamba kudzuka tambala woyamba kukatunga kutali. Chimanga cha kudimba chayamba kupsa nsonga za masamba ngakhale chinyontho chilipo. Pa nthaka pakuoneka zoyera dzuwa likawala. Nzimbe za ku Nchalo zafupika, aganyu achepetsedwa. Mapira ndi mchewere apirira kanthawi, thonje nalo limapirira mchere kuposa chimanga, koma nyemba zimagonja msanga.

Kenako lowani m'dambo. Nyika, mizu ya maluwa a m'dambo imene imatipulumutsa m'chaka cha njala, ndi ya madzi abwino. Ikatha, anthu adzadya chiyani mu Januwale? Namasupuni nayenso sapirira mchere. Makakana amatha kukhala m'madzi osakanikirana ndi mchere, choncho msodzi wanu angapitirize kuwapha pamene nsomba zina zathawira kumtunda kwa mtsinje. Mvuu zikwera kufuna madzi abwino ndi msipu, n'kukumana ndi anthu amene akweranso pa chifukwa chomwecho. M'mphepete mwa madzi muyamba kumera mitengo ya m'matope a mchere ngati imene ili ku Chinde ndi ku Quelimane, nkhanu n'kumakumba pamene panali bwalo la mpira.

Ndiye pali chinthu chimene Mmalawi sanakhalepo nacho: madzi okwera ndi kutsika kawiri patsiku chifukwa cha kukoka kwa mwezi. Tsiku lililonse nthawi yake imachedwa ndi mphindi pafupifupi 50, ndipo amakwera kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima. Ku Beira kusiyana kwa madzi okwera ndi otsika kumapitirira mamita 6 pa masiku oterewa. Taganizani zimene izi zingachite pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Sukulu singayambe 7:30 tsiku lililonse ngati ana amabwera pa bwato. Maliro adikira madzi. Msika wa pa Bangula uyendera mwezi, osati masiku a sabata. Shire, amene timamudziwa kuti amangotsika, ayamba kubwerera m'mbuyo kawiri patsiku, ndipo okalamba adzati dziko lalodzedwa. Namondwe akakumana ndi madzi okwera a mwezi wathunthu, Ruo nayenso atadzaza, ndiye usiku umene muyenera kuusungira pachimake pa nkhani yanu.

5. Apatseni zipangizo, koma zotheka kukonza

Si bwino kuti anthu a mu 2100 azingokhala ndi nkhafi ndi mwadiya (bwato losema pamtengo) ngati kuti nzeru zinathera kwina. Si bwinonso kuwagwetsera makina ochokera kumwamba. Yambani ndi zimene zilipo n'kuzikuza. Lero m'mitsinje ina muli mitengo yoyezera madzi yopakidwa zobiriwira, zachikasu ndi zofiira, ndipo a komiti ya ngozi kumtunda amaimbira foni anzawo a kumunsi. Mawa lake lingakhale tizipangizo toyandama totumiza uthenga tokha. Ku Bangladesh alimi amaunjika namasupuni n'kupanga minda yoyandama. Mabwato oyendera sola, nyumba za pa nsanja, matanki okolola mvula, mpunga wopirira mchere, zosungunula mchere m'madzi ndi dzuwa, zonsezi zilipo kale padziko.

Pa chipangizo chilichonse dzifunseni mafunso awa: mwini wake ndani, chikawonongeka amakonza ndani, ndipo wosauka amalipira chiyani kuti achigwiritse ntchito? Kumbukiraninso kuti mchere umadya chitsulo. Malata, njinga za kabaza ndi mawaya a sola zidzachita dzimbiri msanga, choncho wowotcherera zitsulo ndi wosema mabwato angakhale anthu olemera kuposa mphunzitsi.

6. Mkangano uli pamtunda

Madzi si mdani wokwanira kunyamula nkhani, chifukwa sakwiya, sanama ndiponso sapepesa. Nkhani ili pa malo amene atsala. Chaka ndi chaka boma limauza anthu a kwa Nyachikadza ndi a ku Makhanga kuti asamukire kumtunda, ndipo a m'tauni amadabwa kuti bwanji ambiri amabwerera. Inu musadabwe nawo, fotokozani. Madzi omwe amagwetsa nyumba ndi omwe amasiya dothi lachonde, ndipo dimba limapatsa chimanga, mbatata ndi maungu pamene kumtunda kwauma gwa. Manda a makolo ali komweko. Nyakwawa ikasamukira m'dziko la mfumu ina, imakhala mlendo wopempha malo, ufumu wake n'kutsala m'madzi. Zimenezi ndi zifukwa za anthu oganiza bwino, ndipo munthu wokana kusamuka m'nkhani yanu asakhale chitsiru choti owerenga aziseka.

Ndiye kulitsani vutolo. Chigwa chonse chikakwera mapiri, chipeza minda ya tiyi ku Thyolo, nkhalango ya boma ya Matandwe, malo osungira nyama a Mwabvi, Lengwe ndi Majete, ndi midzi ya eni ake imene ndi yothinana kale. Ndani adule waya? Amang'anja amatsata kuchikazi, Asena amatsata kuchimuna ndipo amapereka malowolo. Banja losakanikirana likapatsidwa puloti imodzi kumtunda, ilembedwe m'dzina la ndani, ndipo amalume anena chiyani? Malire a Malawi ndi Mozambique kumunsi kwa Chiromo ndi mtsinje wa Shire. Mtsinjewo ukasanduka nyanja, malire ali pati, ndipo nsomba n'za yani?

Sankhani munthu mmodzi amene akufuna chinthu chimodzi chogwirika: kufukula mafupa a amayi ake manda asanamire, kupeza chiphaso chokwerera kumtunda, kubweza ngongole ya injini. Mupatseni wotsutsana naye amene nayenso ali ndi chifukwa chomveka. Wopulumutsa asachokere kunja pa helikopita patsamba lomaliza.

7. Za Khulubvi muzigwire ndi manja awiri

Simungalembe za mvula ndi madzi m'chigwa chino ngati kuti kachisi wa Mbona ku Khulubvi kulibe, kapena ngati kuti anthu sanena za Napolo phiri likagumuka. Musapange wasayansi kukhala wanzeru yekha, wamiyambo n'kukhala wogona. Funso lakuti kachisi angasamuke kapena ayi madzi akafika, ndiponso ndani ali ndi mphamvu yonena zimenezo, lingathe kunyamula buku lonse. Koma awa ndi malo opatulika a anthu amoyo. Funsani eni ake, ndipo zimene sanena poyera musazipeke.

8. Lembani tsamba loyamba

Musayambe ndi mbiri ya mmene dziko linatenthera. Yambani ndi munthu akugwira ntchito m'dziko losinthikalo, wowerenga azitola yekha. Mwachitsanzo:

"Agogo, madzi atembenuka, tiyeni," anatero mtsikanayo akumasula chingwe pa mtanda wa tchalitchi, umene unkangooneka nsonga.

"Dikira, mwanawe. Pano m'pamene panali mtondo wa agogo ako aamuna." Nkhalambayo inatsitsa botolo m'madzi, n'kulawa, n'kulavula. "Chaka chatha pano timamwa."

"Tikachedwa tigona pamatope, agogo. A pachipata cha ku Chididi satsegula dzuwa likalowa."

M'mizere yochepayi wowerenga wadziwa kuti mudzi unamira, madzi amakwera ndi kutsika, mchere ukusunthira kumtunda, ndipo kumapiri kuli chipata chokhala ndi alonda. Palibe nambala imene yatchulidwa. Masamu anu onse aja akhale m'kope, m'nkhani muzingotuluka zotsatira zake.

Anthu azilankhula ngati a kuno. Wa ku Ndamera asamveke ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Mawu a Chisena monga "takhuta" kapena "pyadidi" alowe pamene munthuyo angawanenedi, osati kuwaza paliponse pofuna kukometsa. Ndipo pokhala kuti ambiri mwa owerenga anu anataya abale mu 2015 kapena pa Freddy, imfa ya m'madzi muilembe mwaulemu, osaikometsera.

9. Iyeseni kwa odziwa madzi

Mukamaliza, isiyeni sabata, kenako muiwerenge mokweza muli ndi mapu aja pambali. Chongani paliponse pamene madzi akwera phiri popanda chifukwa, pamene bwato layenda makilomita 50 pa ola limodzi, kapena pamene mwezi uli wathunthu masiku khumi otsatizana.

Kenako pitani nayo kwa msodzi wa m'dambo, kapena kwa mmodzi wa owolotsa anthu pa Mtayamoyo, pamene madzi anadula njanji mu 1997. Muwerengereni ndime za pamadzi zokha, n'kumufunsa kuti mwadiya wotere unganyamule anthu angati, mwana angapalase nthawi yaitali bwanji mokwera mtsinje, ndiponso ng'ona imapezeka pati madzi akasefukira. Mayi wolima kudimba mumuwerengere ndime za mbewu ndi za njala. Zimene akutsutseni mukonze tsiku lomwelo musanaiwale. Ngati ndi nkhani yanu yoyamba, isapitirire mawu 3,000, ndipo ikhale ya ulendo umodzi wa pa bwato kapena usiku umodzi wa namondwe. Mapu ndi kope la masamu muzisunge, mudzazifuna polemba yachiwiri.